Mbiri ya Maule ndi Manoma: ndani akulemba za tsiku ndi tsiku?

Funsani wochemerera Bullets aliyense, kaya ku Zingwangwa, ku Chilobwe kapena pa depoti ya minibasi ku Limbe, kuti timu yake yatenga ligi kangati. Sachedwa kuyankha. Akuuzani kuti pofika 2023 Maule anali atatenga ligi ka 17, ndipo akuwonjezerani zina zomwe simunafunse n'komwe. Wa Wanderers naye akuwerengerani pazala zaka zomwe Manoma anasangalala pofika chaka chomwecho: 1990, 1995, 1997, 1998, 2006, 2017. Koma tasinthani funso. Afunseni kuti masewero oyamba a Bullets mu ligi ya 1986 anachitika tsiku liti, pa bwalo liti, pagolo panali ndani, ndipo chigoli choyamba anamwetsa ndani. Pamenepo mumva mayankho osiyanasiyana, aliyense akulumbira kuti analipo ndipo anaona ndi maso ake.

Izi zikutiuza kanthu kena. Timadziwa mitu ikuluikulu ya mbiri ya matimu athu, koma mbiri ya tsiku ndi tsiku, yomwe ndi maziko a mitu imeneyo, ili yomwazikana. Ina ili m'nyuzipepala zakale, ina m'zithunzi zosungidwa m'masutikesi, ina m'mitu ya agogo omwe akukalamba. M'nkhani ino tikufuna tifotokoze kuti mbiri yotereyi n'chiyani, anzathu a maiko ena anaiyamba bwanji, chimatayika n'chiyani ikasowa, komanso zomwe ife ophunzira tingachite.

Mbiri ya tsiku ndi tsiku n'chiyani?

Mbiri ya timu ili pawiri. Pali mbiri yachidule, yomwe imangotchula chaka chomwe timu inayamba, zikho zomwe inatenga ndi mayina a akatswiri ochepa. Imeneyi imakwana patsamba limodzi. Ndiye pali mbiri ya tsiku ndi tsiku, yomwe imasunga chilichonse ndi deti lake: masewero onse, osewera onse amene analowa m'bwalo, mphindi yomwe chigoli chinalowa, tsiku lomwe mphunzitsi analembedwa ntchito kapena kuchotsedwa, tsiku lomwe wosewera anagulidwa, anavulala kapena anapachika nsapato.

Mbiri yachiwiriyi ndiyo imabereka yoyambayo. Tikamati wosewera wakuti anamwetsa zigoli zakuti, nambalayo siigwa kuchokera kumwamba. Ndi kuphatikiza kwa zigoli zomwe wina analemba chimodzichimodzi, masewero ndi masewero. Ngati masewero khumi sanalembedwe, nambalayo ndi yoperewera, ndipo palibe amene angatsimikize kuti yaperewera ndi zingati.

Ntchitoyi si yaikulu monga ikumvekera. Ligi yathu yaikulu ya matimu 16 imapatsa timu iliyonse masewero 30 pa chaka, ndipo onse pamodzi amakwana 240. Tikawonjezera a zikho, timu imodzi imasewera mwina kamodzi kapena kawiri pa sabata. Munthu mmodzi wokhala ndi kope ndi cholembera akhoza kusunga zonsezi popanda kutuluka thukuta. Vuto si kuchuluka kwa ntchito koma kusowa kwa chizolowezi.

Phunziro lochokera ku baseball

Anthu amene anafika patali ndi chizolowezi chimenechi ndi okonda baseball ku America. Awa ndi masewero omwe wina amaponya kampira kolimba, mnzake n'kukamenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oikika. Kuno kwathu sadziwika kwenikweni, koma kasungidwe ka mbiri yawo kali ndi zambiri zotiphunzitsa.

M'chaka cha 1859 mtolankhani wina wobadwira ku England, Henry Chadwick, anasindikiza kabokosi ka manambala kosonyeza zomwe wosewera aliyense anachita pa masewero amodzi. Kabokosi kameneka kanakhala mwambo, moti nyuzipepala zinayamba kukasindikiza tsiku ndi tsiku. Lero ligi yaikulu ya kumeneko ili ndi matimu 30, timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, ndipo onse amakwana 2,430. Chiwerengerochi chimaposa cha ligi yathu kakhumi, komabe palibe masewero amene amadutsa osalembedwa. Mu 1989 anthu ongodzipereka anayambitsa gulu lotchedwa Retrosheet, lomwe ntchito yake ndi kufufuza mapepala akale a masewero ndi kuwalowetsa m'kompyuta kuti aliyense awaone kwaulere. N'chifukwa chake wokonda timu ya kumeneko akhoza kusankha deti lililonse pa kalendala n'kupeza zomwe timu yake inachita pa tsikulo zaka makumi ambiri zapitazo.

Wina angati imeneyi ndi ntchito ya anthu okhuta. Koma taonani zomwe inachita. Kwa zaka zambiri anthu akuda ankaletsedwa kusewera mu ligi yaikulu ya ku America, choncho anali ndi maligi awoawo. Mmodzi mwa akatswiri awo anali Josh Gibson, yemwe anamwalira mu Januwale 1947, patangotsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson athyole mpanda wa tsankho polowa m'bwalo ndi timu ya Brooklyn Dodgers pa 15 Epulo 1947. Luso la Gibson linkangokambidwa pakamwa ngati nthano. Koma nyuzipepala za anthu akuda zinkasindikiza timabokosi tija, ndipo ofufuza anatitolera kamodzikamodzi kwa zaka zambiri. Mu Disembala 2020 akuluakulu a ligi anavomereza kuti maligi a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali ofanana ndi ligi yaikulu. Mu Meyi 2024 manambala awo anaphatikizidwa ndi a ena onse, ndipo zinaoneka kuti pa mipata 1,000 iliyonse yomenya mpira Gibson ankakhoza 372, kuposa Ty Cobb yemwe kwa zaka zambiri ankatengedwa kuti ndiye mfumu ndi 367. Munthu anapatsidwa ulemu wake patapita zaka 77 ali m'manda, ndipo chinamuombola ndi mapepala omwe anthu wamba analemba ndi kusunga.

Zomwe zinachitikira Chitalu

Chitsanzo china chili pakhomo pomwepa, kwa anansi athu a ku Zambia. Mu Disembala 2012 dziko lonse linkaombera m'manja Lionel Messi chifukwa choposa zigoli 85 zomwe Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa m'chaka cha 1972. Messi anamaliza chakacho ndi zigoli 91. Koma bungwe la mpira la ku Zambia linadzutsa nkhani yoti m'chaka chomwecho cha 1972 Godfrey Chitalu, yemwe ankasewera mu Kabwe Warriors, anamwetsa zigoli 107. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga zolembedwa za mipikisano ya m'maiko, kotero silingatsimikize nkhaniyo.

Chitalu mwini wake sakanatha kudziyankhulira. Anamwalira mu Epulo 1993 pa ngozi ya ndege ya ku Gabon, yomwe inapha timu ya dziko la Zambia iye ali mphunzitsi wake. Zinatengera wofufuza wina, Jerry Muchimba, kukhala pansi ndi nyuzipepala za 1972, kutsata masewero amodziamodzi, kenako kulemba buku la moyo wa Chitalu. Chikhala kuti nyuzipepalazo zinadyedwa ndi chiswe, zigoli 107 zikanangotsala nkhani ya pabawo.

Apa pali funso lotikhudza. Zolembedwa zimasonyeza kuti Kinnah Phiri, yemwe anatchukira mu Bata Bullets, anamwetsera timu ya dziko lathu zigoli 71, ndipo ali m'gulu la osewera omwetsa zigoli zambiri m'matimu a maiko mu Africa. Zigoli za timu ya dziko n'zosavuta kuzitsata chifukwa maiko awiri amalemba. Nanga zomwe anamwetsera Bullets Lamulungu ndi Lamulungu, pa Kamuzu Stadium kapena pa bwalo la BAT? Nanga za Lawrence Waya, kapena masewero onse omwe Jack Chamangwana anatchingira Wanderers asanapite ku Kaizer Chiefs? Tsiku lina mdzukulu wathu akadzafuna umboni, adzaupeza ngati wina wautolera lero. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mafupa a mbiri ya matimu awiriwa

Tisanakambe zosowa, tiyeni tiike poyera zomwe zilipo. Wanderers ndiyo yaikulu kubadwa. Inayamba mu 1962, ndipo mizu yake ili kwa Apwitikizi omwe ankakhala mu Blantyre. Imavala zobiriwira ngati mtambo, ndipo kwawo ndi ku msewu wa Lali Lubani. Bullets inabadwa mu 1967, imavala zofiira ndi zoyera. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM linakhazikitsidwa pakati pa zaka ziwirizi, mu 1966, ndipo lero likulu lake lili ku Chiwembe, ku Limbe.

Ligi ya dziko lonse inayamba mu 1986 ndipo oyamba kuitenga anali Bata Bullets. Kuyambira 1999 mpaka 2005 Bullets inatenga ligi kasanu n'kawiri motsatizana. Mkati mwa nyengo imeneyo, mu 2004, timuyi ikutchedwa Bakili Bullets ndipo mphunzitsi wake ali Kinnah Phiri, inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika m'ndime yamagulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. M'gulu lake munali Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Bullets sinapitirire, koma matimu awiri a m'gulu lomwelo, Enyimba ndi Étoile, ndiwo anakakumana m'ndime yomaliza, Enyimba n'kutenga chikho.

Pambuyo pa 2005 Bullets inadikira mpaka 2014 kuti ilawenso ligi, ndipo inabwereza mu 2015. Mu 2016 ligi inapita kwa asilikali a Kamuzu Barracks, mu 2017 kwa Wanderers motsogozedwa ndi Yasin Osman. Kenako Maule anaitenga kasanu motsatizana kuchokera 2018 mpaka 2023, Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe ali mphunzitsi. Mu 2023 anasesa zonse zinayi: ligi, chikho cha FDH Bank, cha Airtel Top 8 ndi cha Castel. Mu 2024 Silver Strikers ya ku Lilongwe inawalanda ligi, ikuphunzitsidwa ndi Peter Mponda, yemwe kale anali kaputeni wa Bullets.

Amenewa ndi mafupa. Mnofu wake ndi masewero mazanamazana omwe ali pakati pa zaka zimenezi.

Chimavuta n'chiyani potsata mbiriyi?

Choyamba ndi mayina. Matimu athu amasintha dzina malinga ndi amene akuwathandiza ndi ndalama. Timu imodzi yomweyo yakhala ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Big Bullets, Nyasa Big Bullets ndi FCB Nyasa Big Bullets. Inzake yakhala Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Wofufuza wachinyamata amene sakudziwa izi akhoza kuganiza kuti ndi matimu khumi. Komabe mayinawa ali ndi phindu lawo. Mukawayala mu mzere mukuona mbiri ya chuma cha dziko: fakitale ya nsapato, fodya, mafuta a galimoto, matelefoni, magalimoto ogula kunja, banki, ndi kampani yotumizira ndalama yomwe abale athu a ku Joni amagwiritsa ntchito. Dzina la Bakili likutikumbutsanso mmene ndale ndi mpira zimayenderana.

Chachiwiri ndi zikho. Kamuzu Cup, Chibuku Cup, Press Cup ndi Carlsberg Cup zinabwera n'kupita. Chikho chikatha, zolembedwa zake nthawi zambiri zimatsala m'manja mwa omwe ankachiyendetsa, ndipo amene akufuna kuwerenga zigoli zonse za wosewera ayenera kudziwa kaye kuti chaka chimenecho kunali zikho zingati.

Chachitatu ndi mabwalo. Bwalo lalikulu la ku Chichiri linayamba ndi dzina la Rangeley Stadium m'nthawi ya atsamunda, linadzakhala Kamuzu Stadium, kenako Chichiri Stadium ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo linabwereranso ku dzina la Kamuzu. Komanso si masewero onse apakhomo amene amaseweredwa pakhomo. M'zaka zaposachedwapa Bullets yakhala ikulandirira alendo a mipikisano ya mu Africa ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, monga zinalili ndi TP Mazembe mu 2023.

Chachinayi ndi chaka cha mpira chomwe sichigwirizana nthawi zonse ndi chaka cha pa kalendala. Mliri wa Covid-19 unachititsa kuti ligi ya 2020 iyambe mochedwa n'kuthera mu 2021. N'chifukwa chake kuchokera 2018 mpaka 2023 pali zaka zisanu n'chimodzi koma maligi asanu. Wosadziwa izi asokoneza masamu ake.

Chachisanu, komanso chachikulu, ndi mutu wa munthu. Timakumbukira zomwe zinatisangalatsa ndipo timaiwala zomwe zinatichititsa manyazi. Masewero awiri ofanana amasanduka amodzi m'maganizo, chigoli cha wina chimaperekedwa kwa wosewera amene timamukonda. Wochemerera samanama dala, koma chikondi chimakonza nkhani. Pepala lolembedwa tsiku lomwelo lilibe timu yomwe limachemerera pakatha zaka makumi atatu.

Masiku atatu pa kalendala

Kuti tione kukoma kwa mbiri yokhala ndi madeti, tiyeni titenge masiku atatu okhudza matimu athu.

Pa 11 Januwale 2010, ku Luanda m'dziko la Angola, Flames inagonjetsa Algeria 3-0 pa mpikisano wa maiko a mu Africa. Omwetsa zigoli anali Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, mphunzitsi ali Kinnah Phiri yemwe uja. Algeria inali itapeza kale malo ku mpikisano wa dziko lonse wa chaka chomwecho.

Pa 25 Januwale 2022, ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Gabadinho Mhango, yemwe anadziwikira mu Bullets asanapite ku South Africa, anamwetsa chigoli cha patali kwambiri polimbana ndi Morocco. Malawi inagonja 2-1, koma kanali koyamba kuti ifike m'ndime ya matimu 16.

Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za Bingu National Stadium, pomwe ankafuna kukaonera Bullets ikusewera ndi Silver Strikers. Tsiku limeneli siliyenera kusowa m'mbiri ya timu iliyonse mwa awiriwo. Mbiri yabwino imasunga ndi zowawa zomwe, chifukwa amene adzakonze masewero aakulu mtsogolo ayenera kudziwa zomwe zinachitika pa zipata tsiku limenelo kuti zisadzachitikenso.

Masiku atatuwa timawadziwa bwino chifukwa analembedwa ndi ambiri. Cholinga n'chakuti Lachitatu wamba, pomwe timu inafanana mphamvu 0-0 mvula ikugwa, nalonso likhale ndi mzere wake.

Umboni uli kuti?

Zambiri sizinatayike, zikungodikira wozitolera. Gwero loyamba ndi nyuzipepala. Daily Times, yomwe chiyambi chake ndi 1895, Malawi News ya 1959 ndi The Nation ya 1993 zakhala zikulemba za mpira pa masamba akumapeto. Makope akale amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, muno mu Blantyre, ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale zambiri. Gwero lachiwiri ndi wayilesi. Mibadwo ingapo inaonera mpira ndi makutu kudzera pa MBC, ikumva mawu a aulutsi ngati Steve Liwewe Banda, ndipo aulutsi amakhala ndi mapepala a mayina a osewera. Lachitatu ndi malipoti a oyimbira masewero omwe amapita kwa oyendetsa ligi. Lachinayi ndi intaneti, komwe gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa RSSSF, lomwe linayamba mu 1994, lasonkhanitsa zotsatira za maligi a maiko ambiri kuphatikizapo lathu. Lachisanu ndi anthu enieniwo: osewera akale, oyimbira opuma ntchito, ojambula zithunzi, amayi omwe ankagulitsa zakudya kunja kwa bwalo.

Pali chenjezo limodzi pa za Facebook ndi WhatsApp. N'zoona kuti lero chigoli chikangolowa chimamveka m'mafoni nthawi yomweyo, koma kufalitsa si kusunga. Tsamba likhoza kutsekedwa, foni kubedwa, gulu kufufutidwa. Zomwe zalembedwa pamenepo ziyenera kukopedwa n'kuikidwa pamalo okhazikika.

Kwa ife amene timasunga Sabata, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Masewero ambiri amachitika Loweruka masana, ndipo timawadziwa kudzera mwa amene analemba. Choncho tikudziwa bwino kusiyana kwa lipoti lolongosoka ndi lipoti lachisawawa. Ntchito yofufuza zakale siifuna kuti munthu akhale pa bwalo Loweruka. Imachitika m'laibulale pakati pa sabata.

Kalembedwe kake

Amene akufuna kuyamba afunika kope lachikuto cholimba, kapena tebulo la pa kompyuta, ndi lamulo loti masewero aliwonse alembedwe mofanana. Pamwamba palembedwe deti lonse, tsiku, mwezi ndi chaka. Patsatire dzina la mpikisano ndi ndime yake, bwalo, ndi mayina a matimu monga ankatchulidwira pa nthawiyo. Kenako zigoli pa kupuma ndi pamapeto, omwetsa ndi mphindi zake, osewera 11 oyamba, olowa m'malo mwa anzawo, makadi, mphunzitsi ndi woyimbira. Pansi pakhale mizere iwiri kapena itatu ya zina zapadera, monga mvula, kuchedwa kuyamba, kapena wosewera amene wasewera koyamba.

Pali malamulo anayi oyenera kuwatsata. Loyamba, lembani komwe mwatenga nkhani iliyonse, dzina la nyuzipepala ndi deti lake, kapena kuti mwamva kwa munthu amene analipo. Lachiwiri, funani mboni ziwiri zosadalirana. Nyuzipepala ziwiri zikagwirizana, nkhaniyo yalimba. Zikasiyana, lembani zonse ziwiri, osasankha yokomera timu yanu. Lachitatu, pomwe palibe umboni siyani mpata. Mpata umaitana wofufuza wina kuti adzadzaze, pomwe dzina longopeka limasocheretsa onse obwera m'mbuyo. Lachinayi, gwiritsani kalembedwe kamodzi ka dzina la munthu, chifukwa Phiri, Banda ndi Mwale ndi ambiri m'mpira wathu, ndipo abale awiri akhoza kusanduka munthu mmodzi m'zolemba.

Pokacheza ndi akuluakulu, pitani mwaulemu, pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo tengani zithunzi kapena masamba akale kuti ziwathandize kukumbukira. Musawafunse kuti chinachitika n'chiyani m'zaka za m'ma 1970. Afunseni za tsiku limodzi, monga pomwe Malawi inagonjetsa Zambia n'kutenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978. Funso lolunjika limatsegula mutu.

Mphunzitsi apindula chiyani?

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa chapadera chokondera ntchitoyi. Mwana amene amagona m'kalasi la masamu amadzuka mukamufunsa kuti timu yomwe yapambana masewero 18, kufanana mphamvu 7 ndi kugonja 5 ili ndi mapointi angati. Apeza 61 asanatole n'cholembera chomwe. Kuchokera pamenepo n'kosavuta kumufikitsa pa maavereji, maperesenti ndi magirafu. M'phunziro la mbiri yakale, malipoti awiri osiyana a masewero amodzi ndi njira yachidule yophunzitsira kusiyana kwa mboni yoona ndi maso ndi nkhani yongomva, komanso mmene kukondera kumalowera m'zolemba. M'phunziro la Chichewa, ophunzira akhoza kulemba lipoti la masewero a pasukulu pawo m'mawu 150, kuphunzira kuyamba ndi mfundo yaikulu ndi kusiya zosafunika.

Ndipo sitiyenera kuyambira pa Maule ndi Manoma. Sukulu iliyonse ili ndi timu ya mpira wamiyendo ndi ya ntchemberembaye, koma ndi zochepa zomwe zingakuonetseni zotsatira za zaka zisanu zapitazo. Mpira wa atsikana ndiwo umaiwalika msanga. Tabitha ndi Temwa Chawinga asanatchuke ku maiko akunja ankasewera m'mabwalo afumbi ngati omwe ophunzira athu akuseweramo lero. Kope losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wa zamasewero likhoza kudzakhala umboni wokhawo wa masewero oyamba a katswiri wa mawa.

Tiyambire pati?

Mutu umodzi susenza denga. Gulu la ophunzira khumi likhoza kugawana chaka chimodzi, tinene 2004, aliyense n'kutenga mwezi wake, kupita kukawerenga nyuzipepala za mweziwo pa tchuthi ndi kubweretsa mizere yake. Pakutha kwa temu chaka chonse cha Bakili Bullets chikhala pa tebulo, kuyambira masewero oyamba mpaka omaliza. Gulu lina litenge 2006 ya Wanderers. Chaka chamawa obwera m'mbuyo mwathu atenge zaka zina. Zomwe zapezeka zisindikizidwe, kope limodzi lisungidwe m'laibulale ya koleji, lina liperekedwe ku timu yomwe ikukhudzidwa.

Chomwe sitingachedwe nacho ndi anthu. Nyuzipepala yosungidwa bwino ikhoza kudikira zaka zina khumi, koma amene anasewera m'ma 1960 ndi 1970 ndi okalamba tsopano, ndipo ena, monga Jack Chamangwana yemwe anatisiya mu 2018, anapita kale. Amene ali ndi agogo, amalume kapena mkulu wa mpingo yemwe anaonera Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers zikukumana, tchuthi chikubwerachi apite akakhale naye pakhonde, kope lili m'manja, ndipo chinthu choyamba kulemba pamwamba pa tsamba chikhale deti la tsikulo.